Nkhokwe ya Banja ndi Thumba la Boma

Ife amene tinali acinyamata m'caka ca 1989 tikumbukira bwino mizere ya makuponi a unga. Amayi anali kulawira m'mamawa, mwana kumsana, kapepala m'dzanja. Mtengo wa unga utakwera mu Disembala 1986, anthu a ku Migodi anacita cipolowe, ndipo mu Juni 1990 mzinda wa Lusaka nawo unawira pa mlandu womwewo. Tinali titazolowera kuganiza kuti nsima icokera ku boma.

Ku Migodi kampani ya ZCCM inali ngati tate. Nyumba, madzi, magetsi, cipatala, ngakhale bwalo la mpira, zonse zinali m'manja mwake. Sitinena kuti zimenezi zinali zoipa, iai. Koma ena mwa abale athu anaiwala njira ya kumudzi, naleka ngakhale kulemba kalata. Pamene boma linagulitsa migodi, ndi kutsiriza kutero mu 2000, anthu ambirimbiri anacotsedwa nchito. Kodi anathawira kuti? Amene anasunga cibale anakwera basi ya ku Petauke kapena ku Katete, malume nawaloza munda. Amene anacidula anasauka koopsa m'makomboni.

Zaka zomwezo matenda a Edzi anali kutha makolo. Panalibe ofesi imene ikadatha kulera ana amasiye onsewo. Anawalera ndi agogo, anthu ofooka kale, amene anagwiranso khasu nagawa ndiwo za anthu awiri pakati pa adzukulu asanu ndi mmodzi. Maina awo sanalembedwe m'buku lililonse, koma aphunzitsi ndi anamwino ambiri a lero anakulira pa mphasa zawo.

Wina angati tifuna kuti boma lipinde manja. Ndi kutali! Papa Pius XI anaphunzitsa mu 1931 kuti ulamuliro waukulu usalande nchito imene kagulu kakang'ono kangathe, koma ukathandize pamene kalefuka. Thandizo la ndalama kwa osauka, limene linayambira ku Kalomo mu 2003, linatsata njira yotere: linafunafuna makomo opanda munthu wamphamvu wogwira nchito, ambiri a iwo a agogo olera amasiye. Ana anakhalabe pakhomo pawo, ndipo ndalamayo inalowa mumphika wa agogo. Momwemonso boma linacotsa malipiro a sukulu mu 2022, koma wodzutsa mwana m'mawa ndi kufunsa zimene waphunzira akali kholo.

Cilala ca 2024 cinatiyesanso. Boma linalengeza tsoka la dziko mu Febuluwale, ndipo thandizo linafika m'midzi yambiri, kwina msanga, kwina mocedwa. M'masabata odikirawo tinaona mabasi ocoka ku Lusaka atasenza matumba a unga, pa thumba lililonse dzina la mayi kapena mlongo litalembedwa ndi inki, ndi mudzi wotsikirapo.