Bwalo limodzi, ziboliboli ziwiri

Munthu wa ku Angónia kapena ku Tsangano akafika ku Maputo koyamba, abale ake sachedwa kupita naye ku Praça da Independência kukajambulitsa. Pakati pa bwaloli pali chiboliboli chamkuwa cha malemu Samora Machel, chotalika mamita 9, dzanja lili m'mwamba, chala chikuloza monga ankachitira pamisonkhano. Anachisula ndi amisiri a ku North Korea, ndipo chinakhazikitsidwa pa 19 Okutobala 2011, patatha zaka 25 chigwereni ndege yake ku Mbuzini. Kumbuyo kwake kuli nyumba ya Conselho Municipal, chapambali tchalitchi chachikulu choyera cha Akatolika.

Ambiri amangojambulitsa n'kubwerera. Amenewo aona theka chabe.

Pabwalo lomweli, kuyambira 1940, panali chiboliboli china: Mouzinho de Albuquerque atakwera kavalo. Uyu ndi msilikali wa Chipwitikizi amene anagwira mfumu Ngungunhane ya ku Gaza pa Chaimite mu Disembala 1895, ndipo bwalolo linkadziwika ndi dzina lake. Mu 1975, chaka cha ufulu, anachigwetsa pampando wake. Koma sanachiphwanye, ndipo apa ife tikuti anachita mwanzeru. Anakachiika ku Fortaleza, linga lakale la pafupi ndi doko. Kuchokera pamapazi a Samora, tsikani ndi Avenida Samora Machel. Ndi ulendo wapansi, simusowa shapa.

M'lingamo mukapeza Mouzinho ali pakavalo wake yemwe uja, koma tsopano ali pansi, poti ngakhale mwana wa sukulu angathe kumuyandikira. Pomwepo palinso zithunzi zosula pamkuwa zoonetsa tsiku lomwe mfumu inagwidwa. Ndiyeno m'chipinda china muli bokosi lamaliro lamtengo, losemedwa mwaluso, la Ngungunhane mwini wake. Iye anamwalira mu 1906 ku zilumba za Açores, kumene Apwitikizi anakamusunga, ndipo zotsala zake zinabwera kwawo mu 1985, Samora akulamulira. Olemba mbiri ena amati m'bokosimo muli dothi la pamanda basi. Wogwira ndi wogwidwa akusungidwa mumpanda umodzi.

Inu a ku Domwe, nkhaniyi si ya anthu akummwera okha ayi. Soshangane, agogo ake a Ngungunhane, anachoka ku Zululand m'nkhondo za masiku a Shaka, zomwezo zimene zinasamutsa Zwangendaba ndi Angoni a kwa Maseko. Iye anakhazikika ku Gaza; makolo anu anaoloka Zambezi, napitirira mpaka kudzamanga m'mapiri muno.