Kusintha mutu wa injini: Mmene Ford yakale inapezera mphamvu zatsopano

Injini za Ford zimene zinapangidwa pakati pa 1932 ndi 1953 zikali kumveka pa mipikisano ya liwiro m'dziko la America, ndipo zambiri mwa izo zili ndi mphamvu kuposa mmene zinalili zili zatsopano. Cinsinsi cake cagona pa mutu wa injini, citsulo cimene cimavundikira masilinda pamwamba. Eni galimoto zakale zokonzedwera liwiro, zochedwa hot rod, amacotsa mutu umene unabwera ndi injini n'kuikapo wina.

Injini imeneyi, yodziwika ndi dzina lakuti flathead, inatuluka mu 1932. Inali ndi masilinda 8, kukula kwake malita 3.6, ndipo mphamvu yake inali mahosipawa 65. Mavalavu ake, amene ndi tizitseko tolowetsa mpweya ndi petulo ndiponso kutulutsa utsi, anaikidwa m'thupi la injini, m'mbali mwa masilinda. Motero mutu unali civundikiro cabe, cokhala ndi mapulagi ndi njira za madzi. Kapangidwe kotere kanali kosavuta ndiponso kochipa, ndiye cifukwa cake anthu wamba anakwanitsa kugula galimoto ya V8.

Koma injiniyo inali kupuma movutikira. Mpweya unali kukhota kangapo usanafike pa pisitoni, ndipo utsi wotentha unali kudutsa m'kati mwa thupi la injini, pafupi ndi madzi oziziritsa, usanatuluke kunja. Masilinda awiri apakati mbali iliyonse anali kugawana njira imodzi yotulutsira utsi. Cotsatira cake cinali cakuti injini inali kutentha msanga ikagwiritsidwa nchito mwamphamvu.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, acinyamata a ku California amene anali kucita mipikisano pa nyanja zouma monga El Mirage anafuna njira zothetsera vutoli. Njira yoyamba inali kuika mitu ya aluminiyamu yopangidwa ndi makampani monga Edelbrock ndi Offenhauser. Mavalavu anakhalabe pamalo pake, koma cipinda coyakira petulo cinacepetsedwa kuti mpweya upanikizike kwambiri. Mpweya ukapanikizika kwambiri usanayake, umakankha pisitoni mwamphamvu. Aluminiyamu imatayanso kutentha msanga kuposa citsulo.

Njira imeneyi ili ndi malire. Pa flathead, cipinda cimene cimacepetsedwaco ndico cimenenso mpweya umadutsamo pocoka pa valavu kupita mu silinda. Munthu akacicepetsa mopitirira, amakhala ngati waigwira pakhosi injini, ndipo mphamvu imene anaifuna imatayika pamene injini izungulira mofulumira. Wogula mitu afunikanso kuwerenga mabauti omangira mutu, pakuti injini zoyambirira zili ndi 21 mbali iliyonse pamene zimene zinayamba kupangidwa mu 1938 zili ndi 24.

Njira yaciwiri inasintha kapumidwe konse ka injini. Mu 1947, abale awiri, a Zora ndi a Yura Arkus-Duntov, amene anali ndi kampani mu mzinda wa New York, anatulutsa mitu yochedwa Ardun, dzina lotengedwa ku dzina la banja lao. Pa mitu imeneyi mavalavu anasamutsidwa kucoka m'thupi la injini kupita pamwamba pa pisitoni. Cipinda coyakira petulo cinali cozungulira ngati cipande covundikira, pulagi ili pakati, valavu yolowetsa mpweya mbali imodzi ndi yotulutsa utsi mbali inayo. Camshaft inatsala pamalo pake, ndipo timitengo tacitsulo tochedwa pushrod ndito tinali kukankha mavalavu. Tsopano mpweya unali kulowa mosakhotakhota, ndipo utsi unali kutulukira m'mutu osadutsanso m'thupi la injini.

Ngakhale zinali tero, mitu ya Ardun siinali nkhani yongomanga mabauti n'kuyamba ulendo. Inali yodula, ndipo inakulitsa injini m'mbali kotero kuti m'galimoto zambiri munalibe malo oikwana. Zitsulo zoyendetsa mavalavu zinali zolemera ndi zosacedwa kuonongeka, mpaka amakanika a ku California monga a Don Clark ndi a Clem TeBow anazikonza. Kuonjezera apo, crankshaft ya flathead imakhala pa mabeyaring'i akuluakulu atatu okha. Mutu ukaonjezera mphamvu, katundu yense amagwera pa mbali yapansi imeneyi, ndipo ikapanda kulimbitsidwa imathyoka.

Nthawi nayo siinadikire. Mu 1949 Cadillac ndi Oldsmobile anatulutsa injini za V8 zokhala ndi mavalavu pamwamba kucokera ku fakitale, Chrysler anatsatira mu 1951, ndipo Chevrolet mu 1955. Ford nayo inasiya kuika flathead m'galimoto zake za ku America mu 1954. A Zora Arkus-Duntov analowa nchito ku General Motors mu 1953, kumene anachuka cifukwa cotukula galimoto ya Corvette.

Popeza mitu yoyambirira ya Ardun inapangidwa yocepa, masiku ano ndi yosowa ndipo mtengo wake ndi waukulu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anthu ena anayambanso kuipanga potengera yakaleyo. Amene amaigula adziwa kuti injini yamakono ingawapatse mphamvu zofanana pa ndalama zocepa, koma iwo afuna maonekedwe ndi kulira kwa injini ya makolo ao. Kwa aliyense wofuna kucita nchito yotere, mutu watsopano ufunika kuyendera pamodzi ndi mapisitoni oyenerera, crankshaft yolimba, redieta yabwino ndiponso mabuleki okwanira kuimitsa galimoto imene tsopano ithamanga kuposa mmene anaipangira.