MBALI ZOBISIKA ZA CILENGEDWE: Nanga Bwanji Tiona Zitatu Zokha?

Anthu a m'dera la Mfumu Kapichila, m'boma la Lundazi, amene anali a msinkhu m'caka ca 2001 akumbukira tsiku la 21 June. Masana a tsikulo mwezi unaphimba dzuwa. Ku Lusaka kunagwa mdima kwa mphindi zitatu, ndipo kuno kum'mawa kuwala kwa dzuwa kunafooka.

Kadamsana wotere ndiye anachukitsa Albert Einstein. Pa 29 May 1919, Arthur Eddington anajambula nyenyezi pa nthawi ya kadamsana ali pa cisumbu ca Principe, kumadzulo kwa Africa. Anapeza kuti kuwala kwa nyenyezi kukhota podutsa pafupi ndi dzuwa, monga Einstein ananenera mu 1915. Cinatsimikizika tsono kuti danga limene zinthu zonse zikhalamo likhoza kupindika. Lero tifuna kufotokozera awerengi athu funso limene linabadwa m'caka comweco.

Mbali zimene tidziwa

Munthu womanga nyumba apima zinthu zitatu: m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Palibe malo amene sangapimidwe ndi zitatuzi. Einstein anaonjezapo nthawi, kukhala mbali yacinai. Koma mu 1919 Theodor Kaluza wa ku Germany anamulembera kalata yonena kuti kukhoza kukhala mbali yacisanu, ndipo masamu ake anagwirizanitsa mphamvu yokokera zinthu pansi ndi mphamvu ya magetsi. Anthu anafunsa kuti mbaliyo ili kuti. Mu 1926 Oskar Klein wa ku Sweden anayankha kuti inakulungika kwambiri, ndico cifukwa sitiiona.

Taonani cingwe coyanikapo zobvala. Mukaima patali cioneka ngati mzere wokhala ndi utali wokha. Koma nyerere yoyenda pa cingweco idziwa kuti ikhoza kupita kutsogolo, ikhozanso kuzungulira. Mbali yozungulirayo ilipo ndithu, ingobisika cifukwa ca kucepa.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, akatswiri ena aphunzitsa kuti zinthu zonse, nthaka, madzi ndi thupi la munthu lomwe, zinapangika ndi tizingwe tating'onoting'ono tonjenjemera. Monga nsambo ya banjo itulutsa mau osiyana malinga ndi kanjenjemeredwe kake, kacingwe nako kakanjenjemera mwa njira ina kaoneka ngati kanthu kena. Ciphunzitsoci acicha string theory. Kuti mumve kucepa kwa tizingweto, tengani milimita imodzi, muigawe pakhumi, kagawo kamodzi mukagawenso pakhumi, mucite tero kokwana 32. Masamu a ciphunzitsoci afuna mbali 10: nthawi, ndi mbali 9 za malo. Ife tiona zitatu, kotero 6 ziyenera kukhala zokulungika.

Mtolo womangidwa ndi mphira

Mu 1929 Edwin Hubble anasonyeza kuti milalang'amba ya nyenyezi italikirana, kutanthauza kuti thambo likufutukuka. Lakhala likutero kwa zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Nanga ngati paciyambi mbali zonse 9 zinali zazing'ono mofanana, zinatani kuti zitatu zikule, zinazo n'kutsala?

Mu 1989 Robert Brandenberger ndi Cumrun Vafa anapereka yankho limene mlimi aliyense angalimve. Wopita ndi thonje ku msika amanga thumba pa njinga ndi mphira. Thumbalo lifuna kufufuma, koma mphira ilipana. Momwemonso tizingwe tina tinakulunga mbali za cilengedwe, n'kuziletsa kukula. Kacingwe kokulunga ca kumanja kakakumana ndi kokulunga ca kumanzere, timasulana, ndipo mbaliyo ipeza ufulu.

Nkhani yagona pa kukumanako. Anthu awiri oyenda m'kanjira kamodzi sangalephere kuonana. M'dambo lalikulu akhoza kuphonyana. Mbali zikaculuka, mpata wophonyana ukula. Zingwe, pokhala zazitali, zikumanabe m'malo a mbali zitatu, koma zikaposa zitatu zingodutsana osakhudzana. Motero, anatero akatswiri awiriwa, mbali zosaposa zitatu ndizo zinamasuka, ndipo zotsalazo zili comangika mpaka lero.

Masamu amene ena anacita pambuyo pake anaonetsa kuti nkhaniyi si yapafupi cotere, pakuti nthawi zambiri mbali zimasuka zonse kapena kumangika zonse. Gulu lina linanena mu 2003 kuti mbali zobisikazo zigwidwa ndi mphamvu zofanana ndi ya maginito, zimene zipyola m'kati mwake. Mphamvuzo zikankhira kunja, zina zikokera m'kati, ndipo pamene zilingana mbaliyo ikhazikika.

Cifukwa cace nkhaniyi itikhudza

Wina angafunse kuti zimenezi zipindulanji kwa munthu wa khasu. Mu 1917 Paul Ehrenfest anasonyeza kuti mbali zazikulu zikadakhala zinai kapena kuposapo, dziko silikadazungulira dzuwa mokhazikika. Likadagwera m'dzuwa kapena kutayikira kutali. Sipakadakhala dzinja, masika kapena cilimwe, ngakhale munthu woti abzale cimanga. Moyo wathu utsamira pa nambala imeneyi ya zitatu.

Tiyenera kunena poyera kuti palibe munthu amene waona mbali yobisika. Ku CERN, pafupi ndi Geneva, kuli makina a pansi pa nthaka ozungulira makilomita 27, amene anayamba nchito mu 2008. Iwo aombanitsa tizidutswa ta atomu, koma sanapeze cizindikiro ca mbali zina. Ku University of Washington, ku America, anapima mphamvu yokoka pakati pa zinthu zotalikirana ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo mu 2020 analengeza kuti sanaone cacilendo. Ngati mbalizo zilipo, n'zazing'ono kuposa apo.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Funso la Kaluza latha zaka zoposa 100 lisanayankhidwe, ndipo zida zake zazikulu ndi pensulo, pepala ndi masamu. Makolo a kwa Kapichila, mwana akakufunsani za nyenyezi madzulo pa bwalo, musamukalipire. Mawa lace muonetsetse kuti wapita ku sukulu.