Jeraniyamu: Fungo la Rozi Lochokera M'masamba

Alimi ambiri amatifunsa chifukwa chake opanga mafuta onunkhira amafuna jeraniyamu, chomera chomwe kwawo ndi ku South Africa. Nkhani yagona pa ndalama. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi, pamafunika makilogalamu oposa 3,000 a maluwa, pomwe tani imodzi ya masamba a jeraniyamu imatulutsa kilogalamu imodzi kapena awiri. Mafuta onsewa ali ndi geraniol ndi citronellol, n'chifukwa chake fungo lawo limafanana.

Mafutawa timawatcheza ndi nthunzi. Nthunziyo imadutsa m'masamba, n'kukazizira m'paipi, ndipo mafuta amayandama pamwamba pa madzi. Posakaniza pefyumu, fungo la duwa limakhala pakati. La ndimu limayamba kumveka koma silichedwa kuthawa, pamene la mizu ya vetiva, udzu uja timabzala m'migula, limagwira anzakewo kuti akhalitse pakhungu. Musadzole mafutawa osawasungunula ndi mafuta ena, pakuti amayabwa.

Tikukulangizani kuti musatsegule munda waukulu musanapeze wogula ndiponso chotchezera chapafupi. Masamba odula sadikira mwini: akaunjikidwa masiku angapo amatentha ndi kuwola, thukuta la miyezi yambiri n'kupita pachabe.