Zomatira Zoyera za M'mano: Kodi Zimakhalitsa Motani?

Mayi wa ku Mchengautuwa amene dzino lamusowetsa tulo, pokwera kabaza kunka ku Mzuzu Central Hospital, kawirikawiri amangoyembekeza kukalizula. Komatu dzino lobooka, likakhala kuti silinawole kufikira muzu, likhoza kumatidwa ndi mankhwala oyera onga dzino lenilenilo, m'malo mwa chitsulo chotuwa cha amalgam chimene maiko, m'pangano la Minamata la 2013, anagwirizana kuchichepetsa chifukwa cha mercury.

Mwa zomatira zoyerazi, composite, imene dokotala amaiumitsa ndi kuwala kwabuluu, ndiyo yolimba ndithu, yopirira ngakhale chimanga chokazinga kwa zaka zambiri. Koma malovu akaikhudza pomata, kapena ikakhwinyata pouma, imasiya kampata m'mphepete, ndipo kuwola kumabwereranso mwakachetechete pansi pake, pakuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Chomatira china choyera ndi glass ionomer, imene imadziphatika yokha ku dzino ndi kutulutsa fluoride wolitchinjiriza, ndipo njira yoiikira ndi zipangizo zamanja, popanda magetsi, inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980. Pa bowo lalikulu la dzino lotafunira imaperepeseka msanga. Koma pa kabowo kakang'ono, makamaka m'mano a ana athu, ine ndiyesa kuti imayenera ulemu woposa umene timaipatsa.