Mwana Akasiya Sukulu, Udindo wa Boma Sutha

M'midzi mwathu muli atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, ndi anyamata amene anasiya posowa fizi kapena polephera mayeso a Sitandade 8. Kawirikawiri timangoti, "Zake zada ameneyo, azikalima." Koma kodi malamulo akutero?

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, m'gawo 25, akuti munthu aliyense ali ndi ufulu wophunzira. Gawo 29 likupereka ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zosowa paliponse m'Malawi. Ufulu umenewu suchoka chifukwa mwana wapunthwa kamodzi. Choncho boma likampatsa mwayi wachiwiri silikuchita chifundo ayi. Likukwaniritsa udindo wake ndi ndalama za misonkho yathu.

Njira zina zilipo kale. Kuyambira mu 1993 mtsikana amaloledwa kubwerera ku sukulu akachira. Mu 1994 fizi ya ku pulaimale inathetsedwa. Mu 1999 bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mu 2015 boma linayamba kutsegula sukulu za luso m'maboma, zophunzitsa ukalipentala, zomangamanga, kusoka ndi kuwotcherera.

Komabe kalembera wa mu 2018 anapeza kuti theka la anthu m'Malawi linali losakwana zaka 18. Malo m'sukuluzi ndi ochepa, ndipo womaliza maphunziro amasowa zipangizo ndi mpamba. Wachinyamata wongokhala ndiye amagulidwa ndi kachasu kuti akagende anzake pa kampeni, kapena amathawira ku Johannesburg wopanda mapepala.

Lamulo silidziyendera lokha. Tiyeni timperekeze mtsikana wochira kwa aphunzitsi aakulu, ndipo agogo ndi azakhali amlerere khandalo. Tileke kumnyoza. Aphungu ndi akhansala akabwera, tisawapemphe mchere kapena nsalu. Tiwafunse kuti ndalama zachitukuko za dera lathu zathandiza achinyamata angati kuphunzira ntchito. Yankho lawo tidzalikumbukire tsiku loponya voti. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana mu mphakati:
1. Ndi ana angati m'mudzi mwathu amene anasiya sukulu chaka chino? Chifukwa chiyani?
2. Sukulu ya luso yapafupi ili kuti, ndipo polowa pamafunika chiyani?
3. Ndani mwa ife akaonane ndi akhansala mwezi uno?