Mliri ndi Golide Zinalowera Njira Imodzi: Nkhani ya Anthu a Mtundu wa Yanomami ku Brazil

Pa 9 Epulo 2020, mnyamata wa zaka 15 anatsirizika m'chipatala cha mumzinda wa Boa Vista, kumpoto kwa dziko la Brazil. Iye anali munthu woyamba wa mtundu wa Yanomami kuphedwa ndi Covid-19. Kuno ku Malawi panali patangodutsa sabata imodzi boma litalengeza za anthu atatu oyamba kupezeka ndi matendawa. Kwawo kwa mnyamatayo kunali m'mbali mwa mtsinje wa Uraricoera, womwe ndi msewu waukulu wa anthu okumba golide popanda chilolezo. N'chifukwa chake akuluakulu a mtunduwu, pomva za malirowo, anaona msanga kuti mliri ndi golide ndi nkhani imodzi.

Anthu a mtundu wa Yanomami amakhala m'nkhalango ya Amazon, m'malire a Brazil ndi Venezuela. Ku mbali ya Brazil alipo pafupifupi 30,000. Amalima chinangwa ndi nthochi, amasaka nyama ndi kupha nsomba, ndipo m'midzi yambiri mabanja onse amagona m'nyumba imodzi yaikulu yozungulira. Dera lawo, lomwe boma linaliikira malire m'chaka cha 1992, ndi lalikulu masikweya kilomita oposa 96,000, kutanthauza kuti langochepa pang'ono poyerekeza ndi Malawi yense. Malamulo a dzikolo saloleza munthu kukumba miyala m'derali. Komabe pamene mliri unkafika, okumba golide pafupifupi 20,000 anali atakhazikika kale m'menemo. Akuti mlendo ndi mame, koma alendo awa dzuwa linkatuluka ndi kulowa ali pompo.

Mantha a anthuwa anali ndi poyambira. M'zaka za m'ma 1970, ntchito yomanga msewu wa Perimetral Norte inabweretsa chikuku ndi chimfine, matenda omwe matupi awo analibe mphamvu zokwanira zolimbana nawo, ndipo midzi ina inatsala mabwinja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, okumba golide pafupifupi 40,000 anakhamukira m'derali, ndipo m'zaka zisanu ndi ziwiri zokha munthu mmodzi mwa asanu aliwonse anamwalira, ambiri ndi malungo. Mu 1993 okumba golide anapha anthu 16 a mudzi wa Haximu, mlandu womwe makhothi a ku Brazil anagamula kuti unali wofuna kufafaniza mtundu.

M'chinenero chawo muli liwu lakuti xawara. Mtsogoleri wawo wodziwika, Davi Kopenawa, yemwe mayi ake anamwalira ndi chikuku iye ali mwana, wakhala akufotokoza kuti xawara ndi utsi wa mliri umene umatuluka anthu akafukula zitsulo zimene zinabisidwa pansi pa nthaka. Wina atha kumva izi ngati nthano chabe, koma amene watsatira mbiri ya derali aona kuti liwuli likunena zoona zenizeni: nthawi iliyonse golide akafukulidwa, manda ankachuluka.

M'mene zimachitikira si zovuta kumvetsa. Okumba golide amalowa pa maboti a injini komanso pa ndege zing'onozing'ono zotera pa mabwalo obisika m'nkhalango. Amapita m'tauni kukagula mafuta ndi chakudya n'kubwereranso, popanda wowayeza kapena kuwafunsa. Nthawi ya mliri, mtengo wa golide unakwera zedi pa msika wa dziko lonse, moti mu Ogasiti 2020 unapitirira madola 2,000 pa aunsi imodzi kwa nthawi yoyamba. Choncho pamene anthu ena onse ankauzidwa kuti akhale pakhomo, a m'migodi ankawonjezera mapampu. Maenje amene amasiya amadzaza madzi oima momwe udzudzu umaswana, ndipo malungo amafalikira. Phokoso la makina limathamangitsa nyama. Mankhwala a mercury, amene amagwiritsa ntchito polekanitsa golide ndi mchenga, amatsikira m'mitsinje, n'kulowa mu nsomba, kenako m'matupi a odya nsombazo. Kafukufuku wa bungwe la zaumoyo la Fiocruz, yemwe anatuluka mu 2016, anapeza kuti anthu 92 mwa 100 aliwonse amene anayezedwa m'dera la Aracaçá anali ndi mercury wochuluka mopyola muyeso. Covid-19 inapeza anthu ofooka kale.

Choyamba chimene mabanja ena anachita chinali cha makolo awo. Anasiya nyumba zazikulu zija n'kukamanga misasa mkatikati mwa nkhalango, kutali ndi mitsinje yodutsa alendo, monga ankachitira pa miliri yakale. Midzi ina inaletsa anthu ake kupita m'tauni. Njira imeneyi inathandiza, koma inali ndi malire ake, pakuti munthu sangasiye munda mpaka kalekale, ndipo wodwala malungo amafunabe mankhwala ochokera kunja.

Kuti kutseka mudzi kumatheka, unaonetsa ndi mtundu wina wa ku Brazil komweko, wa Kuikuro, m'dera la Xingu. Iwo anasonkhanitsa ndalama kuchokera kwa akufuna kwabwino, anamanga nyumba yopatulirako odwala, analemba ntchito dokotala ndi anamwino awoawo, ndipo ankalondoloza yense wotuluka ndi wolowa. Matendawa anafika ndithu ndipo ambiri anadwala, koma chaka cha 2020 chinatha popanda maliro a Covid-19 pakati pawo. Kusiyana kwake n'kwakuti a Kuikuro ankadziwa amene akulowa m'dera lawo. A Yanomami analibe mphamvu yotere. Chipata chawo chinali m'manja mwa anthu onyamula mfuti.

Atazindikira zimenezi, anaitengera nkhondoyo kunja kwa nkhalango. Mu Juni 2020, atsogoleri a Yanomami ndi a mtundu woyandikana nawo wa Ye'kwana, kudzera m'mabungwe awo monga la Hutukara, anayambitsa kampeni yotchedwa Fora Garimpo, Fora Covid, kutanthauza kuti migodi ituluke, Covid ituluke. Wolankhula wamkulu anali Dário Kopenawa, mwana wa Davi. Pofika Disembala chaka chomwecho, chikalata chawo cha madandaulo chinaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo chitasainidwa ndi anthu opitirira 400,000. Nalo bungwe la APIB, lomwe limagwirizanitsa mitundu ya eni nthaka m'dziko lonselo, linakasuma ku khothi lalikulu, ndipo mu Julayi 2020 woweruza Luís Roberto Barroso analamula boma kuti likhazikitse zipata zotchinjiriza matenda ndi kukonza ndondomeko yoteteza anthuwa. Mwezi womwewo, mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, Jair Bolsonaro, anakana kusainira mbali zina za lamulo lomwe linkakakamiza boma kupereka madzi abwino ndi zipangizo zaukhondo kwa eni nthaka.

Ntchito ina imene anaigwira inali yopanda phokoso, koma ndi imene inadzakhala ndi mphamvu pambuyo pake: kuwerenga ndi kulemba. Nthambi ya boma ya zaumoyo inkawerenga okhawo odwala a m'midzi ya m'madera ovomerezeka, kusiya amene anali m'matauni. APIB inayamba kusunga kaundula wake wa odwala ndi omwalira, ndipo chiwerengero chake chinali chokwera kuposa cha boma. Hutukara, mothandizana ndi akatswiri, inkasonkhanitsa zithunzi za setilaiti ndi za pa ndege, pamodzi ndi maumboni a anthu a m'midzi. Lipoti lake la mu Epulo 2022 linasonyeza kuti malo owonongedwa ndi migodi anakula ndi magawo 46 pa 100 m'chaka cha 2021 chokha, kufika pa mahekitala 3,272. Dandaulo lapakamwa limatha ndi mphepo, koma mapu okhala ndi tsiku ndi dzina la mtsinje savuta kuwatula pamaso pa woweruza.

Panali chilonda chinanso chimene ziwerengero sizisonyeza. Pa mwambo wa Yanomami, mtembo suikidwa m'manda. Umatenthedwa, ndipo phulusa limasungidwa kufikira mwambo wotsiriza wolira maliro. Mu 2020 ana akhanda amene anamwalira ku Boa Vista akuganiziridwa kuti anali ndi Covid-19 anakwiriridwa kumanda a mumzindawo amayi awo asanauzidwe. Amayiwo, omwe sankalankhula Chipwitikizi, anakhala masiku ambiri akufunsa kumene kuli ana awo. Aliyense amene anaona abale akuikidwa mofulumira ndi anthu ovala zodzitetezera m'zaka zimenezo amvetsa kuwawa kwake.

Zigamulo za khothi zinalipo, koma kuzitsatira kunali kwa apo ndi apo. Mu Meyi 2021 okumba golide anawombera mudzi wa Palimiú ali m'maboti. Zipatala zina zing'onozing'ono za m'derali zinatsekedwa ogwira ntchito atathawa. Zoona zake zinadzaonekera poyera mu Januwale 2023, boma latsopano la Luiz Inácio Lula da Silva litalengeza kuti m'derali muli ngozi ya zaumoyo. Zinadziwika kuti ana 570 osakwana zaka zisanu anamwalira m'zaka zinayi ndi matenda opeweka monga kunyentchera, malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Mwezi womwewo Sônia Guajajara, amene ankatsogolera APIB pa nthawi ya mlandu uja, anakhala nduna yoyamba yoona za mitundu ya eni nthaka.

Nkhaniyi ndi ya kutali, koma mbali ina si yachilendo kuno. M'maboma monga Mangochi, Balaka ndi Neno, anthu akhala akukumba ndi kusefa golide m'mitsinje, ndipo nkhalango ya Namizimu inalowereredwapo ndi okumba miyala popanda chilolezo. Kusiyana kulipo: kuno ambiri mwa okumbawo ndi anthu a m'midzi yomweyo amene umphawi wawapanikiza, osati magulu a ndege ndi mfuti. Koma dzenje losakwiriridwa limaswa udzudzu kulikonse, ndipo msasa wa anthu ochoka kutali wopanda zimbudzi ndi khomo la matenda. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi oyang'anira zachilengedwe ali kale ndi mabuku momwe angalembemo tsiku limene maenje anayamba, mtsinje umene wadetsedwa ndi kuchuluka kwa ana odwala malungo m'deralo.

Ku Brazil, asilikali, apolisi ndi a zachilengedwe anayamba kuthamangitsa okumba golide mu February 2023, kutentha makina ndi kuletsa ndege kuuluka pamwamba pa derali. Chaka chomwecho khothi lalikulu linaimitsa lamulo la mu 2013 lomwe linkalola wogula golide kungokhulupirira mawu a wogulitsa pa za kumene golideyo wachokera. Anthu zikwizikwi anatuluka m'nkhalangomo, koma chaka chisanathe ena anali atabwerera, zomwe zinachititsa boma kutsegula ofesi yapadera ku Boa Vista mu 2024 yoti iziyendetsa ntchitoyi mosalekeza. Mercury amene anatsikira kale mu Uraricoera ndi Mucajaí akhala m'matope a mitsinjeyi kwa zaka zambiri, ndipo nsomba za m'menemo ndi zomwe mabanja a m'mbali mwake amadalira pa ndiwo.